Zikomo kwa Anthu a ku Golomoti ndi Asodzi a ku Chembe

Ife a banja lina la ku Dedza, pamodzi ndi agogo athu, azakhali ndi ana aang'ono, tikuthokoza poyera anthu amene anatithandiza pa ulendo wathu wokasangalala kunyanja ku Cape Maclear pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala.

Potsetsereka pa Khwekhwerere mabuleki a minibasi yathu anatentha mpaka kununkha, ndipo tinaima pafupi ndi Golomoti dzuwa lili paliwombo. Abambo ena ogulitsa makala anatichenjeza kuti tisathire madzi pa mabulekiwo koma tidikire azizire okha, pamene amayi a pakhomo lapafupi anayalira agogo mphasa pansi pa mtengo wa mango ndi kupatsa ana thobwa, pakuti anawo, pozolowera chisanu cha kwathu, anali atalefukiratu ndi kutentha kwa m'chigwa.

Kuthokoza kwapadera kupite kwa asodzi a m'mudzi wa Chembe. Mdzukulu wathu wazaka 6 anatengedwa ndi mphepo ali pa chubu mpaka kupitirira pamene akuluakulufe tikanaponda pansi, koma mnyamata wina amene ankasoka ukonde pamchenga anakankha bwato lake osadikira kupemphedwa, n'kumubweretsa kumtunda ali bwinobwino. Titafuna kumupatsa kangachepe anakana, ndipo anangotilangiza kuti tikafika kwathu ana onse akayezedwe likodzo, zimene tachita kale.

Mayina anu sitinafunse chifukwa cha phuma, choncho tikupempha aliyense wa ku Chembe kapena ku Golomoti amene awerenge uthengawu kuti atifikitsire kuthokoza kwathuku.