Chikuku chikalowa pa sukulu kuno ku Joni, fomu ija tisamaikhalire

Kukangomveka kuti pa sukulu ina yake ana awiri atatu atuluka zidzolo ndipo thupi likuotcha, pa gulupu yathu ya WhatsApp ya makolo a ku Malawi funso limakhala lomwelomwelo: nanga bwanji sakutseka sukulu? Ena amafika pokwiya, amati ahedi sakulabadira poti ana ambiri pasukulupo ndi a ife obwera. Ine ana anga ali ku pulayimale konkuno ku Joni ndiye mantha amenewo ndimawadziwa, usiku umadzuka kukagwira mwana pachipumi kuti umve ngati watentha. Koma abale, mkwiyo wathuwu tikuuponya polakwika. Chikuku chimaima ndi katemera, ndipo katemera wa kusukulu amadutsa pa kafomu kaja mwana amabwera nako kuti tisaine, komwe ambiri a ife timangokasiya m'chikwama osakabweza.

Choyamba tidziwe kuti ahedi paokha sangadzuke m'mawa nkutseka sukulu ya boma. Sukulu zonse za boma kuno zili pansi pa dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng, ndipo dipatimentiyo inagawa chigawochi m'madistirikiti 15, mu mzinda muno muli Johannesburg Central, East, North, South ndi West. Zikufananirako ndi kwathu kuja timati kwa a DEM. Ndiye mwana akaoneka ndi zizindikiro, ahedi amadziwitsa ku distirikiti komanso ku kiliniki yapafupi, a zaumoyo ndi amene amatenga nkhaniyo. Chikuku ndi amodzi mwa matenda oti nesi kapena dokotala akangowaganizira ayenera kupereka lipoti pasanathe maola 24, sadikira mpaka zotsatira. Amatenga magazi nkutumiza ku NICD, labu yaikulu ija ili ku Sandringham konkuno ku Joni, chifukwa zidzolo zambiri zimafanana, ndi maso okha sungasiyanitse chikuku ndi matenda ena a zidzolo otchedwa rubella. Pakapezeka anthu atatu otsimikizika m'dera limodzi mkati mwa mwezi umodzi ndi pamene amati mliri wabuka. Zikatero manesi amabwera pa sukulu, amafunsa kuti wodwalayo amakhala kalasi iti, amakwera transipoti iti, kunyumba kuli ana angati, amaona makhadi a kusikelo, nkuyamba kubaya amene alibe katemera. Wodwalayo amamuuza akhale pakhomo.

Tsono chifukwa chimene kutseka geti kumabwera mochedwa ndi mmene kachilomboka kamayendera. Mwana akakatenga pamapita masiku 10 mpaka 14 asanaonetse kalikonse. Kenako imayamba ngati chimfine basi, kutentha thupi, chifuwa, mamina, maso kufiira, ndipo iwe mayi umangomupatsa Panado nkumuti pita ku sukulu usajombe. Koma nthawi imeneyo ali kale kupatsira anzake, amayamba kupatsira masiku 4 zidzolo zisanatuluke nkupitiriza masiku ena 4 zitatuluka. Kachilomboka kamatsala mu mpweya mpaka maola awiri mwana atatuluka kale m'chipindamo, ndipo pa anthu 10 opanda katemera amene akhala pafupi naye, 9 amatenga. Ndiye taganizani, tsiku limene zidzolo zikuoneka kumaso ndi kuseri kwa makutu, kalasi yonse inapuma kale mpweya umenewo. Mukatseka sukulu tsiku limenelo anawo apita kuti? Ife ambiri timakhala m'mayadi momwe mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi amagwiritsa ntchito mpopi umodzi, kaya ndi ku Rosettenville, kaya Yeoville, kaya Diepsloot kapena Cosmo City, makolo tonse tachoka m'mamawa kupita ku ntchito, ana atsala akusewera limodzi ndi makanda omwe sanafike ngakhale msinkhu wobayidwa. Bola kusukulu manesi amawapeza onse malo amodzi tsiku limodzi. Ndipo pali kanthawi kochepa, munthu amene wakhala pafupi ndi wodwala akabayidwa mkati mwa maola 72 katemerayo amatha kumuteteza, ndiye fomu ikagona m'chikwama sabata yathunthu nthawi imeneyo yapita.

Za kutseka sukuluzi tinazionanso nthawi ya Covid. Kuno anatseka pa 18 Malichi 2020, a Giredi 7 ndi 12 anabwerera pa 8 Juni, enawo pang'onopang'ono, kenako kunabwera zosinthana masiku zija, lero upite mawa ukhale, zomwe zinatha mu Febuluwale 2022. Zaka pafupifupi ziwiri mwana akuphunzira theka. Amene anali ndi intaneti ya m'nyumba ndi kompyuta anapitiriza, ife timalimbirana foni imodzi ndi bando yoti isathe mwezi usanathe. Komanso chakudya, ana oposa 9 miliyoni m'dziko muno amadya ku sukulu, ndipo zinatengera bungwe la Equal Education kupita ku khoti kuti mu Julayi 2020 khoti la ku Pretoria lilamule boma kuti liyambirenso kudyetsa ana onse, abwere ku sukulu kapena ayi. Sindikunena kuti nthawi imeneyo kutseka kunali kulakwa, matendawo anali achilendo ndipo katemera kunalibe. Koma chikuku katemera wake alipo kalekale, ndi waulere, ndipo akabayidwa kawiri mwana amakhala wotetezeka. China chimene chimandiwawa ndikakumbukira 2020 ndi ndalama zija zokwana R431 miliyoni zomwe dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng inalipira makampani opopera mankhwala m'masukulu m'miyezi yowerengeka, mpaka a SIU, bungwe la boma lofufuza za katangale, analowererapo kufufuza. Kupopera kumaoneka bwino pa maso, anthu ovala zoyera ndi mapampu kumsana, makolo mitima pansi, pomwe ndalama zimenezo zikanagula sopo, kukonza mipopi ndi mawindo oti azitseguka m'makalasi momwe ana amakhala mopanikizana.

Tibwerere ku fomu ija. Chikuku chitabuka ku Limpopo mu Okutobala 2022 nkufalikira ku Mpumalanga, North West ndi kuno ku Gauteng, boma linachita kampeni ya dziko lonse kuyambira Febuluwale mpaka kumapeto kwa Malichi 2023, kubaya mwana aliyense wa miyezi 6 mpaka wosakwana zaka 15, olo anabayidwapo kale. Manesi amayenda m'masukulu ndi m'makireshi. Koma mwana wamng'ono nesi samubaya popanda siginecha ya kholo, ndipo apa ndi pamene ife timagwera. Ndimakumbukira mmene azimayi anzanga amayankhulira nthawi imeneyo. Wina amati fomuyo ikufunsa nambala ya ID, ine ndilibe, ndilembapo chani. Wina amati pasipoti yanga inatha masiku, ndikalemba adiresi si ndiye ndadzipereka ndekha kwa a Home Affairs. Wina sanaione nkomwe poti amagona ku ntchito kwa abwana, amabwera kunyumba Loweruka lokha, mwana amakhala ndi mlamu wake. Ndipo wina anangoti Chingerezi chake ndi chovuta, anaopa kusaina chinthu chimene sakuchimva. Palibe mwa amenewa amene samakonda mwana wake. Onsewo ndi mantha omveka kwa munthu amene tsiku ndi tsiku amayenda akuyang'ana kumbuyo.

Ndiye ndinene zomwe zili m'malamulo, mwina wina alimba mtima. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana sangathamangitsidwe kapena kukanizidwa sukulu chifukwa alibe mapepala, kaya ndi wa konkuno kaya ndi wobwera. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la konkuno ku Johannesburg, pa mlandu womwe anatengera kukhoti a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la SECTION27, linatsimikiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire thandizo laulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lomwe akuchokera kapena mapepala awo. Nesi wobwera ndi kabokosi kozizira ka katemera ntchito yake ndi yoti ana ambiri abayidwe, chifukwa kuti chikuku chisamayende pamafunika ana 95 pa 100 aliwonse akhale obayidwa, ndipo m'chiwerengero chimenecho ana athu ali momwemo, kachilombo sikafunsa pemiti. Pomwe pakufunsa ID mutha kulemba nambala ya pasipoti kapena tsiku lobadwa, mukakayika pitani mukafunse aphunzitsi a mwanayo, koma fomu ibwerere mawa lake.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti malamulo ndi a pa pepala, pa geti ya kiliniki pamakhala zina. Zoona, tonse tinaona a Operation Dudula, gulu lija lodana ndi anthu obwera, akuima pa mageti a makiliniki nkumafunsa anthu ma ID, ndipo mayi amene anabwezedwapo kamodzi ndi mwana kumsana sabwereranso msanga. Nchifukwa chake ine katemera wa kusukulu ndimamutenga ngati mwayi waukulu kwa ife, mwana amabayidwa m'kalasi mwake pakati pa anzake, iwe osajomba ku ntchito, osaima pa mzere kuyambira mbandakucha, osakumana ndi wina wokufunsa kuti kwanu nkuti.

Palinso nkhani ya makhadi imene ambiri sitiiganizira. Kwathu ku Malawi katemera wa chikuku mwana amalandira pa miyezi 9 kenako pa miyezi 15. Kuno amabaya pa miyezi 6 ndi pa miyezi 12. Ndiye mwana amene anabadwira ku Mangochi kapena ku Mzimba, nabayidwa koyamba kusikelo kwathu, kenako mayi ake nkukwera naye basi kubwera kuno atangopitirira chaka, kachiwiri kaja kamasowa pakatipa, kwathu anachoka nthawi isanakwane, kuno anafika nthawi itadutsa, ndipo palibe amene anamufunsa. Ana otere alipo ambiri m'mayadi mwathumu. Kabuku ka kuchipatala ka kwathu kaja kanatsala kumudzi kwa agogo, kuno aphunzitsi akufunsa kabuku ka kusikelo ka kuno kotchedwa Road to Health, mayi akungoti anabayidwa zonse pomwe sakukumbukira bwinobwino. Ngati kabukuko kali kumudzi, uzani wina akajambule tsamba la katemera atumize pa WhatsApp, mukaonetse nesi. Ngati kanatayika nenani chilungamo kuti kanatayika, kubayidwa kowonjezera sikumupweteka mwana. Kuyambira 2024 katemera wa kuno anaphatikizamo ndi wa rubella, ngati mmene zilili kwathu, ndipo rubella ngakhale kwa mwana imadutsa mopepuka, kwa mayi woyembekezera miyezi yoyambirira imatha kuwononga mwana m'mimba, maso, makutu, mtima. Ndiye ngati muli ndi pakati ndipo mwana wanu wabwera ndi zidzolo kuchokera ku sukulu, kanenenitu ku sikelo ya amayi tsiku lomwelo.

Sikuti a distirikiti nawo alibe pokonza. Kalata imabwera ya Chingerezi chokhachokha, nthawi zina ndi Chizulu kapena Chisutu, imapatsidwa kwa mwana wa Giredi 1 kuti akapereke, ndipo nthawi zambiri safotokoza kuti amene alibe ID alembe chani. Mzere umodzi wokha wonena kuti zimene mwalembazi ndi za azaumoyo basi ukanachotsa mantha a anthu ambirimbiri. Komanso amachedwa kulankhula, makolo timayamba kumva mphekesera pa magulupu, wina wawonjezera kale kuti ana afa, kalata yeniyeni nkumabwera patapita masiku. Koma nafenso ku misonkhano ya makolo sitipita, ku SGB, komiti yoyendetsa sukulu ija, timaona ngati ndi za eni dziko, ndiye ndani akawauze kuti pa sukulu pano pali mabanja olankhula Chichewa, Chiyao, Chitumbuka? Ine ndikanakonda pa sukulu iliyonse pomwe pali ana athu papezeke kholo limodzi loti kalata ikangotuluka liziwerenga nkujambula mawu pa foni m'chilankhulo chathu, kuponya pa gulupu madzulo omwewo. Sizifuna ndalama zimenezo. Ndipo m'matchalitchi ndi m'mizikiti mwathu momwe timadzaza Lamlungu ndi Lachisanu, chilengezo cha mphindi ziwiri chikhoza kufika komwe kalata ya distirikiti siifika.

Amene tinali kumudzi mu 2010 tikukumbuka chikuku chija chinagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi nkupha oposa 300, ambiri mwa iwo ana. Ndipo tikukumbukanso zomwe timauzana, zoti mwana wa chikuku asatuluke kupita kuchipatala, asabayidwe jakisoni, mumutsekere m'nyumba mpaka zidzolo zitatuluka zonse. Zimenezi tinabwera nazo mpaka kuno, ndimazimva. Chonde amayi anzanga, chikuku chimapha kudzera m'chibayo ndi kutsegula m'mimba, chimathanso kuwononga maso, ndipo ku kiliniki mwana wodwala amamupatsa vitamini A amene amachepetsa zoopsazi, makamaka kwa mwana amene sakudya mokwanira. Mwana akamapuma mothamanga, akukana kumwa, akungogona osafuna kudzuka kapena wakomoka, musadikire kuche.

Ndipo akadwala asapite ku sukulu mpaka padutse masiku 4 chitulukireni zidzolo, olo kukhale mayeso. Ndikudziwa kuti kujomba ku ntchito kuno kumatanthauza kudulidwa ndalama za tsikulo, mwinanso kupeza wina walowa m'malo mwako, ndiye gwirizanani ndi mnzanu wa payadi amene anadwalapo chikuku kale kapena anabayidwa, yemwenso alibe khanda ndipo si woyembekezera, kuti akuyang'anireni mwanayo masana. Ahedi muwauze tsiku lomwelo kuti mwana watuluka zidzolo, osabisa kuti wangodwala mutu, kuti nawo aimbe ku distirikiti ndi ku kiliniki maola 72 aja asanathe kwa anzake a m'kalasi.