Loweruka m'nyumba ya oluka silika ku Spitalfields

Lero achimwene ena akutchalitchi kwathu, omwe ndi akalipentala, ananditenga kuti ndikawagwirire makwerero ku Spitalfields, kum'mawa kwa London, komwe akukonza mazenera a nyumba ina yakale. Ndi imodzi mwa nyumba zija zogundizana makoma, zomangidwa m'zaka za m'ma 1720. Kumaso n'njopapatiza koma inapita m'mwamba: khitchini ili pansi pa nthaka, zipinda ziwiri pansanjika iliyonse, ndipo masitepe ake amatabwa amalira ukamakwera.

Ambiri mwa amene ankakhala m'misewu imeneyi anali a Huguenot, Apulotesitanti omwe anathawa ku France mfumu Louis XIV italetsa chipembedzo chawo mu 1685. Ankadya za silika. Umboni wake uli m'chipinda cha pamwamba penipeni, momwe zenera latambalala pafupifupi khoma lonse kuti woluka aziona ulusi mpaka dzuwa kulowa. Ndinaima pamenepo kwa nthawi ndithu. Nyumbayi inali pogona komanso pantchito, ndipo kamangidwe kake kakunena zimenezo popanda wokufotokozera.

Mazenera a m'munsimu ndi aja otsegula pokankhira m'mwamba. Achimwenewo anachotsa kathabwa m'mbali mwa felemu, n'kupisamo dzanja, n'kutulutsa chitsulo cholemera chili ndi kachidutswa ka chingwe chakuda bii. Chitsulocho ndicho chimanyamula zenera kuti lisagwe ukalitsegula. "Mwaonatu achimwene," anatero, "zenerali silinafe ayi. Chafa ndi chingwe." Anaika chatsopano, anadula thabwa la pansi pokhapokha pomwe panaola, n'kulumikizapo lina. Galasi lakale sanalikhudze. Lili ndi timafunde ndi timathovu, moti ukasuzumira kunja nyumba za kutsidya zimaoneka ngati zikugwedera.

Chomwe chinandiwawa ndi khoma la kuseri. Wina kalekale anamata simenti pakati pa njerwa m'malo mwa laimu. Laimu amalola chinyezi kutuluka, pomwe simenti amachitsekera, ndiye madzi amathawira m'njerwa mpaka nkhope yake kuyamba kuyoyoka. Ndinapalapo ndi chala, fumbi lofiira linatsala m'chikhadabo.

Nyumbayi ili pamndandanda wa nyumba zotetezedwa, choncho mwini wake sangasinthe zenera kapena kugumula khoma popanda chilolezo cha khonsolo. Ena amati lamuloli n'lovutitsa. Ine ndikuliikira kumbuyo, chifukwa nyumba yamtunduwu siikhala payokha. Mazenera, zitseko ndi mizere ya njerwa zimayenda limodzi kuchokera kungodya ina kufika inzake, ndipo mmodzi akaikapo zenera lapulasitiki msewu wonse umaoneka ngati mkamwa moguluka dzino. Khoma lako lilinso la mnzako.

Zinatsala pang'ono kutha nyumbazi. Mu 1977 anthu ena anakalowa m'nyumba ziwiri za mu Elder Street n'kukana kutulukamo kuti zisagwetsedwe, ndipo bungwe loteteza nyumba zakalezi la Spitalfields Trust linayamba chaka chomwecho. Zinapulumuka, koma lero ogula ndi ampondamatiki okhaokha, ndipo zimenezo zimandidandaulitsa.

Pobwerera tinadzera ku Brick Lane, pa chinyumba chomwe a Huguenot anamanga mu 1743 kukhala tchalitchi, kenako chinakhala sunagoge wa Ayuda, ndipo kuyambira 1976 ndi mzikiti. Lolemba achimwene ayamba mazenera a pansanjika yachiwiri, ndipo akuti kumeneko zitsulo zina zinagwera pansi m'kati mwa felemu.