Sabata ya lupanga la Green Destiny

Sabata ino pa pulogalamu yathu ya zamafilimu pa wailesi ndinapatsidwa Crouching Tiger, Hidden Dragon: Sword of Destiny, filimu ya nkhani ya lupanga lotchedwa Green Destiny, yomwe Netflix inatulutsa mu 2016. Lolemba ndi Lachiwiri ndinangokhalira kuonera. Ndinayamba ndi filimu yoyamba ya mu 2000, ya Ang Lee, yomwe inapata mphoto zinayi za Oscar, kenako yachiwiriyi.

Lachitatu ndinawerenga zomwe akatswiri ounika mafilimu analemba za yachiwiriyi nthawi imeneyo. Ambiri sanainyengerere. Chidandaulo chawo chachikulu chinali chakuti anaijambula m'Chingerezi, pomwe yoyamba inali m'Chimandarini, komanso mbali yaikulu anakaijambulira ku New Zealand. Michelle Yeoh anabwereranso ngati Yu Shu Lien, Donnie Yen n'kulowamo, koma akatswiriwo ankaona kuti mtima wa nkhani munalibe.

Ndikugwirizana nawo, ngakhale zikundiwawa. Yemwe anatsogolera filimuyi ndi Yuen Woo-ping, mkulu yemwe anakonza ndewu zonse za mu yoyamba ija, ndipo luso lake silinathe. Ndewu ya pa nyanja youma ndi chisanu, anthu akuterereka uku akuponyerana malupanga, ndinachita kuibwereza. Koma mu filimu yoyamba munthu akalumphira pamwamba pa nsungwi, umadziwa chomwe chikumudya mumtima. Shu Lien ndi Li Mu Bai anakondana zaka zambiri osauzana, ndipo kusayankhula kwawoko n'komwe kunkalemeretsa ndewu iliyonse. Mu yachiwiriyi aliyense amanena zonse zakukhosi kwake, kenako n'kumenyana. Ukatha kuonera, chomwe umakumbukira ndi lupanga basi.

Lachinayi tinajambula, ndipo mnzanga wa pa makina anadula ndemanga yanga pafupifupi theka chifukwa cha nthawi.

Lachisanu mafoni a omvera anandipatsa zoganiza. Bambo wina yemwe amaonetsa mafilimu pa msika anati, "Achimwene, anthu anga safuna zachikondi zobisazo, amafuna zibakera." Kwa iye yachiwiriyi ndiye yabwino, chifukwa sichedwa kufika pa ndewu. Sindinawatsutse bambowo, pakuti amawadziwa anthu awo kuposa mlembi aliyense wa ku America. Ndinangowapempha kuti tsiku lina adzaonetse zonse ziwiri motsatizana, kenako adzatiimbirenso kutiuza filimu yomwe anthu ankaikambirana potuluka. Avomera, ndipo ndawasungira mphindi zisanu pa pulogalamu ya mwezi wamawa.