Funso lomwe tinkaopa kufunsa

Lolemba usiku anabwera naye mnyamata wa zaka 24 atagundidwa ndi galimoto. Tinamugoneka mu ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, pa makina opumira. Pofika Lachiwiri masana, madokotala awiri omwe sali m'gulu loika anthu ziwalo anamupima. Anamuwalitsa tochi m'maso, kamwana ka m'diso osasuntha. Anamukhudza diso ndi thonje, osaphethira. Anamuthira madzi ozizira m'khutu, zii. Pomaliza anachotsa makina kwa mphindi zingapo kuti aone ngati angapume yekha, koma chifuwa sichinakwere. Ubongo unali utafa, ngakhale thupi linali lofunda ndipo mtima unkagundabe.

Anthu amaganiza kuti okana kupereka ziwalo za womwalira kuti ziikidwe mwa odwala ena ndi achibale. Sabata imeneyi ndinaona kuti mantha amayambira kwa ife ovala yunifolomu. Sisitala wathu, yemwe wagwira unamwino zaka zoposa 20, anati: "Mayi ake akulira chonchi, ndiye tikawauze za impso? Asiyeni alire." Dokotala wina wachinyamata anandinong'oneza kuti mayeso aja amawadziwa bwino, koma mumtima zimamuvuta kunena kuti munthu wamwalira mtima ukugunda. Sindinamuweruze. Inenso m'mawa womwewo ndinali nditamusambitsa mnyamatayo uku ndikumuyankhula, "Ndikutembenuzeni pang'ono, achimwene," monga ndimachitira ndi wodwala aliyense. Wina ankaopa kuti abale aganiza kuti tinamulekerera dala. Mantha amenewo ndi omveka, ndipo n'chifukwa chake otsimikiza imfa sakhala omwe amachotsa ziwalo.

Koma tikakhala chete timakhala tawasankhira abale, iwo osadziwa n'komwe. Zimenezi zimandipweteka.

Lachitatu anandituma kukathandiza ku dayalisisi, komwe makina amatsuka magazi a anthu omwe impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Ndinakhala ndi mayi wina amene amabwera katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse. Anandigwiritsa pamkono pake pomwe madokotala analumikiza mitsempha, ndinamva kunjenjemera kwa magazi pansi pa chala changa. Amamwa madzi mowerengera, ludzu likavuta amangonyowetsa milomo. Anandifunsa ngati pali nkhani ya impso. Ndinati ayi, koma maganizo anga anali pa bedi lija.

Usiku umenewo ndinaganizira za ku Spain, dziko lomwe lakhala patsogolo pa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Mu 1989 anakhazikitsa bungwe loona za kuika ziwalo motsogozedwa ndi Rafael Matesanz, ndipo anaika m'zipatala anthu ophunzitsidwa kuyankhula ndi ofedwa, ambiri mwa iwo madokotala a mu ICU momwemo. Anayamba ndi kukonza ife ogwira ntchito. Ine kusukulu ndinaphunzira za Joseph Murray amene anaika impso ya munthu mwa mapasa mnzake ku Boston mu 1954, ndi Christiaan Barnard amene anaika mtima ku Cape Town mu 1967. Koma mawu oyambira nawo pamaso pa mayi wofedwa palibe anandiphunzitsa.

Lachinayi tinaitana woyang'anira za ziwalo, mochedwa ndithu, mapapo atagwidwa kale matenda. Ndinalowa naye kwa mayi a mnyamata uja. Sanathamangire. Anayamba wafotokoza kuti mwana wawo anamwalira Lachiwiri, kenaka anafunsa kuti anali munthu wotani. Mayi aja anayankhula nthawi yaitali. Atamva pempho loti apereke ziwalo anakhala duu, kenaka anafunsa, "Kodi amva kuwawa?" Tinati ayi, amayi. Analola impso ziwiri ndi chiwindi. Mtima ndi maso anakana, ndipo palibe anawaumiriza.

Lachisanu m'mawa, opaleshoni itatha, Sisitala anati thupi alisambitsa okha. Ndinawagwirira beseni. Anamupesa tsitsi, n'kumufunda bwinobwino mpaka m'khosi kuti chilonda chisaoneke abale akamalowa. Maganizo a Sisitala sanasinthe, anandiuza okha tikusamba m'manja. Madzulo ndili kunyumba ndinawakhazika pansi amuna anga, n'kuwauza kuti tsiku lina akadzafunsidwa za ine, adzavomere.