Ankhoswe ovala kamisolo

Zonsezi anaziyambitsa ndi telala. Ndikanangogula suti ya pakaunjika monga mwa masiku onse, bwenzi lero ana a ku Salima akundiitana dzina langa lenileni.

Muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga wamkulu, anapeza mbeta ku Salima, ndipo poti malume wamkulu pamtundu pathu ndine, unkhoswe unagwera ine. Chinkhoswe anachiika Loweruka lina mu Okutobala. Mayi a kunyumba anakanitsitsa kuti ankhoswe akuchimuna sangakaime pagulu ndi jekete imene mwini wake anamwalira ku Ulaya, ndiye ndinapita kwa telala wina wa pakhonde ku Area 25 kuti andisokere yangayanga.

Mkuluyo anandizunguliza tepi pachifuwa ndi m'chiuno, nalemba manambala pachikuto cha kope. Atafika pamapewa anaima. Anabwerera m'mbuyo, natsinzina diso limodzi ngati mmisiri amene akukayikira khoma la nyumba.

"Bwana, taimani bwino."

"Ndaima kale."

"Ndiye kuti ndi mmene mulili. Phewa lakumanjali ndi lotsika. Khosinso lathamangira kutsogolo, mutu ukumafika kaye eni ake musanafike."

Anawonjezera kuti zimenezi n'zosadandaulitsa, amuna ambiri amene amawayeza ndi otero, angoikako kathonje paphewa limodzi basi. Koma mawu omalizawa analowa khutu ili n'kutulukira linalo. Chimene ndinapita nacho kunyumba n'chakuti ndine munthu wopindika.

"NaBanda, kodi ine ndili ndi linunda?" ndinafunsa madzulo ake.

Sanadzutse n'komwe maso pa nyemba zimene ankasankha. "Linunda ayi, a Phiri. Koma mukamachokera kumsewu uko ndimakuzindikirani patali. Mumayenda ngati munthu amene anataya K50 chaka chatha ndipo akuifunabe."

Zaka 16 ndakhala ndikuwerengera anthu ndalama pa kompyuta, mphuno ili pafupi kugunda galasi. Sindinawatsutse.

Foni imamva zimene anthu amakamba m'nyumba, ine palibe angandiuze zina. M'mawa mwake nditatsegula Facebook ndinakumana ndi chithunzi cha mzungu: kumanzere wawerama ngati nkhalamba, kumanja wawongoka ngati msilikali wa pa pelete. Mankhwala ake anali lamba wakuda amene amakolekedwa m'mapewa ngati chikwama cha kusukulu, n'kupingasana kumsana, n'kudzamata pansi pa chifuwa. Ndinatumiza K18,000, ndipo Lachisanu mnyamata wa kabaza anandibweretsera ku ofesi m'jumbo yakuda ngati katundu woletsedwa.

Kapepala kake kankati woyamba kumene azivala mphindi 20 patsiku kwa mwezi. Apa ndi pamene ukalaliki unandipweteka. Mphindi 20 kuchulukitsa ndi masiku 30 ndi mphindi 600, amene ndi maola 10. Chinkhoswe chinali mawa lake. Ndinaona kuti ngongole ya mwezi wonse ndingathe kuibweza tsiku limodzi.

Loweruka 5 koloko m'mamawa ndinadzitsekera kubafa, n'kumanga lambayo pamwamba pa vesiti, n'kukoka mpaka pamene pathera zomatira. Pagalasi panaoneka munthu wina, woti akhoza kuimira ukhansala. Mayi a kunyumba anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, nati, "Lero ndiye mwachita kutukumula chifuwa kuposa tambala mukukaperekayo." Ine ndinati ndi suti yosokedwa bwino.

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kilomita iliyonse ndinaimva m'khwapa. Titayamba kutsetsereka kulowera kunyanja, kutentha kunatilandira ngati talowa mu uvuni wa buledi. Lamba ananyowa ndi thukuta n'kuyamba kucheka. Mpweya ndinkaukoka theka-theka ngati wobwereka. Zala ziwiri zakumanja zinachita dzanzi, koma ndinati ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito.

Tsoka loyamba linali pa moni. Mukudziwa nonse kuti munthu wamkulu sumupatsa dzanja utaima njo. Umawerama, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Agogo ake a mkwatibwi anali pamphasa, miyendo atatambasula. Ndinayesa kuwerama, lamba anakana. Ndinayesa kunjuta, thalauza latsopano linandichenjeza. Mapeto ake ndinawaponyera dzanja kuchokera kumwamba, maso ali kudenga la tenti, ngati nduna yodzayendera chitukuko.

Ndikudutsa ndinamva akunong'oneza mnzawo, mwa manong'onong'o a nkhalamba aja amene amamveka mudzi wonse: "Ngati malume ali ndi matama chonchi, mwana wathu akukaona zakuda."

Mwambo unayenda. Anabwera nawo atsikana ofunda zitenje, tinakana woyamba, tinakana wachiwiri, wachitatu nthungululu zinalira. Ine nthawi yonseyi ndili chiimire padzuwa, wowongoka ngati mtengo wa magetsi. Kenako a MC anaitana ankhoswe a mbali zonse kuti tisinthane nkhuku, ife tipereke tambala, iwo atipatse msoti.

Amene anasankha tambalayo Mulungu amukhululukire. Chinali chitambala cha mikolongwe, cholemera ngati mwana wa mbuzi. Munthu wabwinobwino nkhuku amaigwira manja ali kutsogolo, koma zigongono zanga zinali zitakokedwera kumbuyo, zala zosamva kanthu. Ndinachikumbatira pamimba ngati wailesi yakuba. Tambala si chitsiru, anazindikira kuti wamugwirayu ndi wofooka. Anangophiriphitha kamodzi, n'kundimenya phiko pamphuno, n'kukatera patebulo la akuluakulu pamene panali ndowa ya thobwa.

Ndinaiwala zoti ndine womangidwa. Ndinadziponya kuti ndimugwire mwendo.

Kwaaaa!

Zomatira zija zinamasuka nthawi imodzi, ndipo a MC anali ataloza maikolofoni kwa ine kuti ndilankhule mawu a mwambo. Phokosolo linatuluka m'masipika onse anayi. Theka la anthu linaganiza kuti ndang'amba thalauza. Theka linalo linaganiza zoipa kuposa pamenepo, ndipo ana amene anakhala kutsogolo anayamba kale kugwira mphuno. Ndinadzuka msanga kuti ndifotokoze, koma tenti inazungulira, nkhope za anthu zinasanduka nyenyezi, kenako mdima.

Ndinatsitsimukira pansi pa mtengo wa mango. Mayi wina ankandikupiza ndi lichero, lomwe lija tinabweretsa kuti tipatse mkwatibwi. Jekete anali atandivula, mabatani a shati onse atamasula kuti ndipume. Azakhali ake a mkwatibwi anali atanyamula chingwe chimodzi cha lamba ndi zala ziwiri, ngati mbewa yoola.

"Mayi inee! Ankhoswe avala kamisolo!"

Anthu onse anatembenukira kwa mayi a kunyumba. Mkazi amene ndakhala naye zaka 19, amene analonjeza kutchalitchi kuti pamavuto ndi pamtendere, anangokonza duku lake nati, "Musandiyang'ane ine. Si saizi yanga."

Lolemba dzanzi linali lisanatheretu, ndiye ndinapita kuchipatala, komwe ananditumiza kwa a mafizo. Ndinapeza mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anamvetsera nkhani yonse mwaulemu, anangopempha kutuluka kamodzi, ndipo pobwera maso ake anali onyowa.

Za dzanzi anati lamba anafinya mitsempha imene imadutsa m'khwapa kupita kuzala, lichoka lokha. Za kukomoka anati ngakhale asilikali amagwa pa pelete akaima nthawi yaitali padzuwa osagwedera, chifukwa magazi amatsalira kumiyendo, nanji ine wopuma theka. Kenako anatenga chigoba cha pulasitiki cha msana chimene chinali patebulo.

"Bambo, mukuona chowongoka apa?"

Chinali chokhotakhota ngati njoka yowoloka msewu. Anandiwerengera mafupa ake, 33 onse pamodzi: 7 a m'khosi, 12 a kumsana kumene kumagwira nthiti, 5 a m'chiuno, otsalawo ndi ogwirana kumunsi. Pakhosi msana umalowa m'kati, pakati pa mapewa umatuluka kunja, m'chiuno umalowanso. Anati munthu aliyense wathanzi ndi wokhota chomwecho, ndipo n'zimene zimachititsa kuti ukalumpha ngalande mutu usagwedezeke ngati uli pandodo. Ine ndinali nditalipira K18,000 kuti ndiwongole chinthu chimene chinapangidwa chokhota dala.

Anandiimika chotsamira khoma, matako ndi mapewa zitagunda, napisa dzanja lake kumbuyo kwa chiuno changa, ndipo linalowa bwinobwino. Anati pamenepo palibe mlandu. Munthu ukamuyang'ana cham'mbali, khutu, phewa ndi chiuno zimayenera kukhala pafupifupi pamzere umodzi, iye ali womasuka, osati atakunga chifuwa. Za phewa lotsika anaseka. Anati anthu ambiri amene amagwiritsa ntchito dzanja lamanja phewa lakumanja limakhala lotsikirako pang'ono, ndipo telala wanga ananena zoona.

Mlandu anaupeza pamutu. Wanga sunkafuna kugunda khoma, unali kutsogolo ngati wa kamba wosuzumira. Anati mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, koma ukaweramira kutsogolo khosi limasenza zochuluka. Dokotala wina wa msana ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera mu 2014 kuti ukaweramitsa mutu madigiri 60, monga timachitira pa foni, khosi limamva ngati makilogalamu 27. Kumeneko n'kuposa chigubu cha malita 20 chodzaza madzi. Ndinakumbukira kuti lamba uja ndinamugula nditaweramira foni chomwecho kwa ola lathunthu.

Mankhwala ake anali aulere, mpaka ndinakhumudwa. Kukweza kompyuta kuti ifike pamaso, kudzuka pampando pakatha theka la ola, kutambasula chifuwa nditagwira mafelemu a chitseko, ndi kubweza chibwano m'mbuyo ngati munthu amene wanunkhidwa kanthu. Kompyuta yanga tsopano yakhala pamwamba pa mafayilo atatu a 2019. Chibwanocho ndimabweza abwana akatuluka, chifukwa tsiku lina anandipeza ndikuchita n'kundifunsa ngati ndili ndi mawu pa za malipiro.

Ukwati unachitika mu Disembala. Ndinavala suti yomwe ija, ya kathonje paphewa, ndipo nditafika kwa agogo aja ndinawerama mpaka bondo linagunda mphasa. Anandigwira dzanja nthawi yaitali osalisiya. Kenako dzanja lawo linalo linakwera pang'onopang'ono kumsana kwanga, likufufuza pansi pa jekete.

"Lero simunavale?"