Anditenga! Koma zikomo woyamba apite kwa amayi a sikelo

Anditenga abale anga. Kalata yafika pa imelo usiku wathawu ndipo mpaka pano tulo sitinabwere, ndiye mawu akamadumphadumpha mundimvetse. Mwezi wa Juni ndikupita ku America kukakhala milungu 8 pa pulogalamu ya kafukufuku wa zaumoyo wa padziko lonse ija ndakhala ndikukusowetsani nayo mtendere chiyambire Novembala. Ndege, pogona ndi chakudya alipira okha. Ambuye, ndinu nokha. Mwandichitira zimene pakamwa panga sipangathe kulongosola.

Foni ikungolira. Wina akuti ndine wanzeru, wina akuti ndatchukitsa Nkhotakota. Zikomo nonse. Koma ulemu umenewo tengani kaye mukatule pakhomo pa amayi a sikelo. Dzina andiletsa kutchula, akuti iwo si munthu wa pa Facebook, koma a kwathu kumbali ya Bua mwawadziwa kale. Boma limati HSA, ena amati mlangizi wa zaumoyo. Ife tinakula tikungoti amayi a sikelo, chifukwa ndi amene anatipachika tonsefe pa sikelo pansi pa mtengo wa mango, ife tikulira, iwo akulemba m'kabuku.

Za achimwene mu 2019 sindikufuna kubwereza zambiri, munaziona. Kutentha thupi, mutu, mankhwala a malungo a LA, kubwerera kuchipatala, kubweranso, munthu n'kumangotha. Atayamba kusokonezeka mutu n'kumawodzera nsima ili m'manja, ena anati alodzedwa, tipite nawo kwa asing'anga. Amayi a sikelo anabwera madzulo, anaona kachilonda kotupa kumwendo, n'kutitulutsa tonse m'nyumba. Anawafunsa achimwene ali awiri: "Undiuze zoona mwanawe, unalowa m'nkhalango?" Anavomera kuti anakawedza mpasa mkati mwa gemu. M'mawa mwake anali pa njinga yamoto kupita ku boma kukayezetsa magazi a kaodzera. Lero achimwene ali moyo, akulima mpunga, ndipo ndi amene ayamba kuvina usiku wathawu.

Ndiye nditakhala pansi kuti ndilembe chimangirizo chimene a pulogalamuyi amafuna, chofotokoza kuti ndine yani ndipo ndikufuna kufufuza chiyani, ndinapita kwa amayi a sikelo. Sanafike ku yunivesite, Chingerezi chawo n'chodzazira mafomu a lipoti la pamwezi. Koma anandiuza mawu amene anasanduka msana wa zonse: "Za malungo ndi Edzi azungu akowo ali nazo mabuku odzadza nyumba. Iwe kalembe za kashembe. Ukawafunse chifukwa chake anthu athu amafika kuchipatala matenda atalowa kale m'mutu."

Loleni ndikhalepo pang'ono apa, chifukwa ngakhale anzanga a m'kalasi ena ankandifunsa ngati kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi kashembe, akadalipo. Alipo. Matendawa ali mitundu iwiri. Wa kumadzulo ndi pakati pa Africa, monga ku Congo, umayenda pang'onopang'ono, munthu akhoza kukhala nawo zaka. Wa kuno, umene madokotala amati rhodesiense, ndi waliwiro, masabata kapena miyezi yochepa munthu wapita ngati salandira mankhwala. Kachilombo kake kamakhalanso m'magazi a nyama zakutchire ndi ng'ombe, choncho sungawathetse pochiza anthu okha. N'chifukwa chake kuno ku Malawi amapezeka kwambiri mozungulira nkhalango za nyama: kwathu kuno, ku Vwaza m'boma la Rumphi, ndi ku Kasungu. Poyamba amafanana ndi malungo kwabasi. Malungo tili nako kachipangizo kobaya chala, mphindi zochepa yankho latuluka. Kaodzera wa kuno alibe kotero, pamafunika munthu wa ku labu aike magazi pa maikulosikopu, komanso pakhale wina amene waganizira zoti ayeze zimenezo.

Mankhwala akale a matenda akafika ku ubongo, melarsoprol, ndi jakisoni wokhala ndi poizoni wa arsenic, ndipo iye yekha amapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 aliwonse. Achimwene anadutsa m'menemo, atachotsedwa kaye madzi a pamsana. Tsopano kunabwera mapiritsi a fexinidazole, omwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya. Anawayesa ku Rumphi konkuno ndi ku Uganda, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti amathandiza pa mtundu wa kunowu. Nkhani yabwino zedi. Koma monga amanenera amayi a sikelo, piritsi silitsatira munthu kumudzi. Wodwala akabisa kuti analowa m'gemu poopa kuti amupereka kwa alonda, akatha sabata akumwa mankhwala a malungo, akatha ina kwa asing'anga, piritsi labwinolo limupeza mochedwa. Funso limenelo ndi lawo. Ine ndinangolimasulira m'Chingerezi n'kuikapo zimene ndinawerenga.

Ndinkawawerengera chimangirizocho ndime ndi ndime, n'kumawamasulira, iwo akusenda chinangwa cha kondowole. Pena amangogwedeza mutu. Pena amaimika mpeni n'kunena kuti, "Apo wakometsera. Anthu sathawa chipatala chifukwa cha umbuli ayi. Lemba za mtengo wa kabaza kuchoka kuno kukafika ku boma, lemba zoti nthawi ya mvula mlatho wa mitengo umakokoloka." Mawu akuti umbuli anawakana mpaka kalekale, ndipo ndikukhulupirira kuti anthu owerenga kunjako anaona kusiyana kwake.

Za transcript, pepala la zotsatira za mayeso anga, mukuzidziwa. Balansi ya fizi itatsekereza, ofesi ija inati popanda lisiti palibe pepala. Mayi anga anagulitsa mpunga umene anasungira mbewu, sizinakwane. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya mpunga imangodutsa m'manja. Sindinawapemphe amayi a sikelo. Anamva kwa mayi ku chigayo, Lachisanu lake anakatenga ngongole ku banki m'khonde m'dzina lawo, n'kunditumizira pa foni ndi uthenga wa mawu awiri: "Kalipire, usandiyimbire." Munthu wa malipiro ochepa ngati amenewo, ali ndi ana ake a sukulu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndaziona ndi maso.

Kwa aphunzitsi anga awiri amene munandilembera makalata ondichitira umboni, Mulungu akudalitseni. Mmodzi wa inu munalemba muli pa chipatala mukudikirira matenda a bambo anu, ndipo munandiyimbira kaye kufunsa bwinobwino zimene ndinachita pa ntchito ya kumudzi ya chaka chachiwiri kuti musalembe zongopeka. Makalata amenewa satumiza wophunzira, amatumiza mphunzitsi yekha kudzera pa link imene amalandira pa imelo, ndiye mtima umakhala m'mwamba mpaka uone kuti alowa. Analipo wina amene anayamba kulonjeza, "mawa ndikutumizira mwana wanga", mawa lake mpaka lero. Palibe kanthu bwana. Ndaona kuti mwaika kale chala cha like pa chithunzi cha kalatayi, ndiye kuti intaneti tsopano ikugwira.

Mnzanga wa m'chipinda chimodzi ku hostel, iwe amene unandibwereka laputopu tchuthi chonse uli ndi project yako, n'kumakonza CV yanga pa WhatsApp pakati pa usiku, ndilibe chokubwezera. Ndiwenso unandichenjeza kuti ndiziyamba kuwerenga pamene alemba za oyenera kufunsira ndisanataye bandulo. Mapulogalamu ambiri otere a ku America, makamaka olipiridwa ndi boma lawo, amalandira nzika zawo zokha ndi okhazikika kumeneko. Tinafufuta ambiri pa mndandanda tisanapeze ochepa olandira ife akunja. Ang'ono athu a chaka choyamba ndi chachiwiri, imvani pamenepo.

Tsiku lomaliza lotumizira linali la Febuluwale, mvula ili pakati. A pulogalamuyi analemba kuti akutseka 11:59 usiku pa nthawi ya kum'mawa kwa America, kwathu kuno n'kuti ili 6:59 m'mawa wa tsiku lotsatira, poti nyengo imeneyo timasiyana maola 7. Maola amenewo ndi amene anandipulumutsa. Magetsi pa malo ochitira malonda anali atathima chiyambire masana, laputopu yafa. Amayi a sikelo anamasula batire la sola la m'nyumba mwawo, ana awo anagona mumdima, ife tinakhala pakhonde pamene netiweki imakoka. Fayilo ya transcript inkafika pakati n'kuduka. Iwo anandifunditsa chitenje chifukwa cha udzudzu, n'kumandikalipira kuti wophunzira zaumoyo sakhala panja miyendo ili pamtunda. Itakwana nthawi ya swala ya m'mbandakucha analowa kukaswali. Potuluka anapeza kompyuta italemba kuti zalandiridwa. Anangoti "Alhamdulillah", n'kukatenga chidebe kupita ku mjigo ngati palibe chachitika. Ine wa ku Anglican, iwo Msilamu, koma usiku umenewo mapemphero athu anapita pamodzi.

Kenako intavyu ya pa Zoom. Inali 4 koloko madzulo. Anandipezera kachipinda kabata, anapachika chitenje choyera kumbuyo kwanga kubisa khoma losweka, iwo n'kukaima panja ndi kamtengo kuthamangitsa ana ndi mbuzi. Mayi wina mwa ofunsawo anandiponyera funso limene sindinalikonzekere: ngati pa kafukufuku wako anthu akuululira kuti amalowa m'nkhalango mozemba, uwateteza bwanji? Yankho ndinali nalo, chifukwa ndinaliona likuchitika m'nyumba mwathu. Ndinati munthu umamufunsa ali yekha, dzina lake sulilemba pa pepala la mayankho, ndipo chilolezo cha amfumu n'cholowera m'mudzi chabe, munthu aliyense amavomera kapena kukana payekha. Ndinaonjeza kuti kuno kafukufuku wokhudza anthu sayamba asanaunikidwe ndi komiti ngati NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC ya ku yunivesite ya KUHeS. Mayiyo anafunsa kuti ndinaphunzira kuti zofunsa munthu payekha. Ndinati mphunzitsi wake ali panja pa chitsekochi, akulimbana ndi mbuzi. Anaseka onse. Nditawafotokozera pambuyo pake, amayi a sikelo anakwiya kuti ndawayalutsa kwa azungu.

Amayi, ndikudziwa kuti mwana wanu wamkulu akuwerengerani izi. Mundikhululukire, sindingakhale chete. Mwagwira ntchito zaka zonsezi kupalasa njinga m'matope, kabokosi ka katemera kumbuyo. Nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, munkayenda khomo ndi khomo ndi klorini, ena akukutukwanani kuti mwabweretsa matenda ndinu. Palibe amene anakuitanani ku msonkhano wa ku hotela kuti mukanene zimene mukudziwa. Manambala amene mumalemba m'kaundula wanu ndi amene amakwera mpaka kukafika m'malipoti a bungwe la zaumoyo la WHO ku Geneva, koma dzina lanu limatsala kumudzi. Ine ndikukwera ndege ndi nzeru zanu. Mulungu akupatseni moyo wautali, akusungireni ana anu, ndipo bondo likukuvutanilo lipole.

Mayi anga ondibereka, inu ndi ine tikambirana kunyumba, apa ndingalire. Achimwene, zikomo pondilola kulemba za matenda anu, sichinali chapafupi. Achinyamata a kwaya, mapemphero anu a Lachitatu ndinawamva. Mnyamata wa kabaza amene unkanditenga pa ngongole kupita ku M5, ndikukumbuka, ndipo ndalama yako ilipo.

Kwa achibale aja munati ku America satenga ana a alimi a chinangwa, kuti bola ndikadakwatiwa ndi mnyamata wa ku shuga ku Dwangwa ndikupumitseni, ndakumvani. Amalume a ku Johannesburg, mauthenga anga a Januwale akadali ndi timizere tiwiri tabuluu, musavutike kuyankha tsopano. Sindikusunga chakukhosi, ndikungonena.

Ntchito sinathe. Kutsogoloku kuli visa, ndipo kumenekonso amafunsa mafunso. Miyezi imene a ku America amakhala pa tchuthi cha nyengo yotentha, Juni mpaka Ogasiti, kuno ndi nthawi ya mwera ndipo sukulu imakhala ili mkati, ndiye ndiyenera kukapempha chilolezo kwa akuluakulu a dipatimenti kuti mayeso ndidzalembe bwanji. Musaleke kundipempherera. Amayi a sikelo andilamula kale kuti ndikabwerako ndidzaime pa msonkhano wa mudzi n'kufotokoza m'Chichewa chomveka zimene ndakaphunzira, osati za "you know, you know". Ndavomera.

Amene mwayamba kale kunditumizira saizi ya nsapato ndi mitundu ya iPhone ku inbox, pepani ndithu. Kandalama kamene akandipatse kumeneko kali ndi mwini wake. Ngongole ya ku banki m'khonde ikundidikira, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ndipo amayi a m'gulu limenelo sadziwa za America.