Mantha ndi amene amayendetsa sikwadi, ngakhale ku Mars

Anzanga olemba nkhani zopeka za sayansi, nkhani ya mmene sikwadi imamenyera nkhondo yandilowa tsopano ndipo mtima wakhala m'malo. Sikwadi ndi gulu laling'ono la asilikali oyenda pansi, logawidwa m'timagulu. Chomwe chanditsegula mutu ndi ichi: zipolopolo zambiri pankhondo ya asilikali oyenda pansi ntchito yake yayikulu sikupha ayi, ndi kuopseza mdani kuti asadzutse mutu. Kagulu kamodzi kamagona chafufumimba n'kumathira moto, mdani n'kudinda nkhope m'dothi, nthawi yomweyo kagulu kena kathamanga kukafika pamwala wakutsogolo, kagona, kayamba kuwombera, oyamba aja n'kudzuka nawonso. Basitu. Kusinthana komweko ndiye mtima wa zonse.

Ndiye ukazindikira zimenezi manambala a anthu a m'sikwadi amayamba kumveka. Sikwadi ya US Army ili ndi anthu 9, timagulu tiwiri ta anthu 4 ndi mtsogoleri, chifukwa pamafunika wina wophimba wina woyenda. Ma Marines, gulu lina la asilikali a ku America, kwa zaka zambiri akhala ndi 13, timagulu titatu. Sekishoni, yomwe ndi sikwadi ya ku Britain, ndi anthu 8, timagulu tiwiri totchedwa Charlie ndi Delta. Ajeremani pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse gulu lawo analimanga mozungulira mfuti yachiwaya, MG34 kenako MG42, enawo ntchito yawo yayikulu inali kuinyamulira zipolopolo ndi kuiteteza. Ndipo timaguluti timachepa dala, munthu mmodzi pakati pa phokoso ndi utsi sangatsatire anthu khumi, atatu kapena anayi ndi omwe angakwanitse.

Choncho funso lolemba nalo si lakuti mfuti ya m'chaka cha 2300 ikuoneka bwanji, koma kodi chikuopseza msilikali wanga n'chiyani? Ngati wavala suti yachitsulo yosabooka ndi chipolopolo ndiye kuti sabisala, kusinthana kuja kwafa, uyenera kupanga njira ina yomuimitsira. Koma ngati ka bowo kamodzi pa suti kakutanthauza kuti mpweya wathawa, mantha achuluka kuposa pano, mfuti imodzi itha kugoneka gulu lonse pansi. Pa mwezi palibe mpweya, sajeni ngakhale akuwe bwanji samveka, wailesi ikatsekedwa ndi adani abwerera ku zizindikiro za manja. Ndiye Mars, uthenga wochokera kuno umatenga pakati pa mphindi 3 ndi 22 kuti ufike, akuluakulu a kudziko lapansi alibe chonena kuwomberana kukayamba, kopolo wazaka 22 ndi amene akuganiza yekha. Nkhani yake ili pamenepo, pa mnyamata ameneyo.

Njira yanga ndi zitsekerero za mabotolo. Ndimayala pepala pamkeka, za Fanta asilikali anga, za Coke adani, bokosi la machesi ndiye thanthwe, ndipo sindisuntha chitsekerero chilichonse ndisanayankhe kuti akumuphimba ndani. Ine ndikuti wolemba aliyense azichita zimenezi asanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, zimaposa kuwerenga mabuku khumi, chifukwa pamkeka bodza limaonekera pompo, munthu sangadutse pabwalo poyera popanda womuteteza.

Chomwe chimandiwawa, mphunzitsi wina wa zolembalemba anandiuza kuti izi n'zachizungu, ndizilemba za kumudzi. Za chizungu bwanji, ife a ku Zomba timadutsa tsiku ndi tsiku pa chipilala cha King's African Rifles, gulu la asilikali a nthawi ya atsamunda, pafupi ndi Cobbe Barracks? Agogo athu anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944, ndipo mu 2013 asilikali a Malawi analowa mu Force Intervention Brigade, gulu lankhondo la United Nations ku DRC, pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa. Mwana wa ku Chinamwali kutsogolera sekishoni ku Mars chalakwika n'chani? Komanso nthawi sikundikwana, masana ntchito, usiku magetsi akathima foni yatha moto, chaputala chimangokhala pomwepo.

Pomwe ndaima pano ndi pa maloboti. Loboti siliopa, ndiye ungaligoneke pansi bwanji? Mwina eni ake analipanga kuti lizidziteteza poti ndi lodula, zomwe zikufanana ndi mantha ndithu, koma kaya ngati owerenga angazilandire. Nanga ma drone akamaona chilichonse kuchokera m'mwamba, kubisala kuseri kwa mwala kudzakhalabe ndi phindu? Pamkeka panga sindinapeze chitsekerero choimira drone, mwina wina mwa inu anayesapo.